Donki ya Amalume Yotamu

Kabulonga, Lusaka
5 Okutobala 1975

Okondedwa amayi anga,

Ndayamba ndi moni kwa inu, kwa mlongo wanga Eness, alamu ndi ana, osaiwala mbuzi ija yondida. Ngati nonse muli bwino, Mulungu ayamikike. Ine kuno ndili bwino mopitirira muyeso. Ndanenepa, amayi, moti lamba uja munandigulira pa Kamwendo ndamuboola kale bowo lina kunsonga. Iwe Eness, werenga mokweza amayi amve zonse, ndipo ukafika pamene pakunena zabwino za ine usameze mawu monga mwa khalidwe lako.

Mlongo wanu, amalume Yotamu, anandichingamira pa basi ndipo andipezera ntchito ya m'maluwa panyumba pomwe iwo akugwira. Abwana ndi ba Mpundu, mkulu pa kampani ina ya boma. Kuno munthu wolemekezeka samuti a uje, amati ba uje. Nyumba yake ukayamba kuizungulira utakhuta, pofika pomwe unayambira njala yakupweteka kale. Amene anaimanga anali mzungu, ndipo pamene ankathawa ufulu anaigulitsa pamodzi ndi mitengo ya mapeyala, galu ndi amalume. Adona ndi ba Winifred. Iwowa anati dzina loti Zefaniya likuwatopetsa pakamwa, basi anditcha Hector. Choncho pa envulopu muzilemba Hector, apo ayi kalata idzasochera.

Munkafunsa kuti kodi amalume amagwira ntchito yanji zaka zonsezi. Amaweta donki. Eness, leka kuseka, si bulu ayi. Ndi mgolo waukulu wachitsulo umene anaumangirira m'njerwa kuseri kwa nyumba. Pansi pake amasonkhapo moto, madzi n'kutentha, n'kuyenda m'mipope mpaka kubafa kwa abwana. Amalume amawaza nkhuni, kusonkha moto, kuwola phulusa, ndipo nyengo yozizira amakolezanso moto pabalaza pamalo pake pomwe pali chumuni. Ntchito ndi yomweyo chiyambire ine ndisanabadwe.

Koma donkiyo, amayi! Yakalamba kuposa mwini wake. Zigamba thoo: apa mphira, apa waya, apa sopo womata. Ikatentha imalira ngati munthu wa mphumu, ndipo amalume amaisisita n'kumati, "Pirira mayi, pirira." Ndinawafunsa kuti, "Amalume, kodi n'chifukwa chake simunakwatirenso? Akazi anu ndi awa?" Anandigenda ndi chikuni, koma anaphonya ndi mtunda wautali. Maso awo achita mtambo pang'ono. Musade nkhawa, mbamu sailakwitsa pakamwa.

Chipinda chawo chinagundana khoma ndi donkiyo, ndipo ine ndimagona pansi momwemo. Mwezi uno tikupsa ngati mbatata yokwirira paphulusa, koma iwo akuti ndidikire Juni ndidzathokoza. Akuti chibwerere kuno sanagulepo bulangete lochindikala chifukwa khoma ndilo limawafunditsa.

Ndapatsira adalaivala a ku Mchinji chitenje chanu ndi kangachepe ka mbewu. Muwauze alamu afolere nkhokwe mvula isanagwe, asamangokhalira bawo.

Ndine mwana wanu wa ku tauni,
Hector


Kabulonga, Lusaka
30 Novembala 1975

Amayi,

Muli shani? Kumeneko ndi kupereka moni kwa kuno, ndipo inu muyankhe kuti bwino. Kalata yanu ndinalandira, ndamva kuti mwadzala ndipo mwendo wanu wayamba kupepuka. Ine mphamvu ndi zambiri, dzulo ndinazula chitsa chimene chinakanika amuna anayi.

Kuno kwachitika nkhondo. Lamulungu lapitali kunabwera alendo a adona ochokera ku Woodlands, anthu onunkhira kuyambira pa geti. Ali mkati modya, donki inang'ambika kunsi. Madzi onse anakhuthukira pamoto, nthunzi ndi phulusa zinakwera mpaka ndege zinasochera mumlengalenga. Nsalu zoyera za adona zomwe zinali pachingwe zinasanduka zamaliro. Amalume anatuluka mu utsimo ali mbuu ngati chilombo cha kudambwe, akukuwa kuti, "Palibe vuto, dona, palibe vuto!"

Mawa lake ndinkathirira maluwa pansi pa windo, ndipo makutu anga mukuwadziwa. Abwana ankati tiikonze. Adona ankati tiichotse, tigule giza, ndiye kuti mgolo wa magetsi wotenthetsa madzi wokha popanda nkhuni. Abwana anati giza ndi yodula ndipo m'masitolo mulibe chitsekereni malire akumwera. Adona anati nkhuni nazo n'zodula, ndipo atopa kusamba madzi ofiira ngati tiyi. Abwana anafunsa kuti, "Nanga mudala tizamupeleka kuti?" Mudala ndiye amalume. Adona anati, "Ino nyumba si chipatala cha nkhalamba."

Anaitana mmisiri, ba Musonda, wa ku migodi, munthu woyenda ndi choko kukhutu. Anagogoda mgolo, anasuzumira kunsi, n'kunena kuti, "Bwana, iyi ningaiwotchelele chisulo china, si ndalama zambili. Manje funso ni yakuti imafa kangati. Ngati ni koyamba, konzani. Ngati ni nchito yake kufa, muzankala mutaya ndalama chabe, gulani giza."

Tsono wodziwa kuti imafa kangati ndani? Amalume ndi ine. Amalume anandikokera kuseri kwa nkhuni n'kundigwira dzanja. "Zefaniya, mwana wa mlongo wanga, akakufunsa ukati n'koyamba. Giza sidya nkhuni. Ikabwera ine ndidzagwira chiyani?" Ndinati, "Amalume, pakamwa panga ndi loko, kiyi ali ndi inu."

Masana adona anandiitanira kukhitchini. Anandipatsa tiyi wamkaka m'kapu yadothi, ndi buledi wopaka jamu mbali zonse. "Hector, kamba zoona, iyi donki imafa kangati?" Anatinso giza ikabwera pakhomo padzafunika wantchito mmodzi yekha, wachinyamata wodziwa kukanikiza switchi. Amayi, munthu wakupatsa jamu ungamubisire mawu? Ndinati imafa kuposa mmene imakhalira moyo. Ndinati tsiku lina inaponya chivundikiro mpaka ku Chelstone, anthu anachibweza pa njinga. Ndinangothira kamchere pang'ono, zambiri zinali zoona. Adona anaseka mpaka kugwira pamimba, n'kundiwonjezera buledi wina.

Panopa amalume amadya atayang'ana kukhoma. Ndikawapatsa moni amayankha donki. Zitha, ndi ukalamba chabe.

Sopo kuno akusowa, mzere wake umayambira ku Kabwata mpaka m'tauni, choncho sinditumiza mwezi uno. Eness asagulitse nkhuku yanga yathadzi.

Wanu,
Hector


Kabulonga, Lusaka
8 Febuluwale 1976

Amayi okondedwa,

Moni nonse kumeneko. Ndamva kuti kamwana ka Eness kanadwala malungo koma kachira, zikomo. Ine sindidwala, udzudzu wa ku Kabulonga umandiopa.

Kalata yanu inali yotentha moti ndinaigwira ndi nsanza. Mukuti malume ndiye mwini mbumba, ndipo amene anandipezera ntchito sindiyenera kumuchotsera mbale pakamwa. Amayi, mbale ya ndani? Ine ndinang'amba donki? Dzimbiri ndilo linang'amba. Inu muli ku Mchinji, za makina zisiyireni ife amene tikuziona.

Ndikuphunzitseni mawu atsopano: kondemu. Kuno chinthu chikatha ntchito, mmisiri amachilemba ndi choko kuti kondemu. Chikalembedwa basi, palibenso wochikonza, chimangodikira kutayidwa. Abwana anagonja, ndipo ba Musonda analemba mawuwo pamimba pa donki ndi zilembo zazikulu. Giza aitanitsa kunja, ikubwera. Pakadali pano amalume anamatanso pong'ambika paja ndi chidutswa cha lata, ikudontha koma madzi akutentha. Tsiku lililonse amapukuta chokocho ndi nsanza yonyowa, ine n'kulembanso. Ndiye masewera athu.

Sabata yatha anavala jekete lawo lakuda lija, n'kupita kukagwada pakhonde pamaso pa adona. Anati, "Dona, iwotchererani chitsulo, ndalama zake muzidula kumalipiro anga mpaka zitakwana." Adona anaitana abwana kuti adzamve. "Mudala afuna kulobola donki!" Abwana sanaseke, anangolowa m'nyumba. Ine ndinaseka m'malo mwawo.

Tsono imvani izi. Lamulungu amalume anapachika jekete lomwelo pamsomali akusamba. Choko cha ba Musonda chinali m'thumba mwanga. Amayi, dzanja linangopita lokha. Ndinalemba kumsana kwa jekete, zilembo zokongola zoti aphunzitsi anga a Sitandade 3 akanaziona akanalira. Anavala osaona kanthu, ulendo wa ku tchalitchi ku Chilenje, kumene amayendetsa mbale ya chopereka. Akuti anayenda mzere ndi mzere, anthu akubisa nkhope m'mabuku a nyimbo. Potuluka ana anawalondola mpaka pamsika akuimba kuti ba Kondemu, ba Kondemu. Lero ngakhale amayi ogulitsa tomato amawaitana choncho. Ndawatchukitsa Lusaka yense!

Atabwera anakhala pachitsa n'kumasasa jeketelo nthawi yaitali. Kenaka anati, "Zefaniya, uli ndi chikuku ndinakubereka kumsana komweku mpaka kuchipatala cha Kapiri." Ndinati, "Panopa musayerekeze, amalume, ndanenepa, mungathyoke." Sanaseke. Anthu akale nthabwala sazimva.

Khadi la chipani ndagula, popanda ilo pamsika sulowa. Amalume lawo linatha ndipo chitupa chawo n'cha kale, choncho m'tauni sapitapita. Musawauze alamu zimenezi, pakamwa pawo mukupadziwa.

Ndatumiza shuga ndi machesi.

Ine,
Hector, katswiri wa choko


Kabulonga, Lusaka
25 Epulo 1976

Amayi,

Ndikhulupirira muli moyo ndipo mwayamba kukolola. Ine ndili bwino, ndipo amene akukulemberaniyu si wa m'maluwa chabe, tsopano ndi injiniya.

Katundu anafika pa lole: giza, mahita awiri otenthetsa m'nyumba, ndi eyakoni, makina oziziritsa chipinda. Eyakoniyo adona anaifuna kukutentha, yafika kukuyamba kuzizira. Ndi mmene zinthu zimayendera kuno. Ba Musonda anandisankha kuti ndiziwapatsira zitsulo, koma kunena zoona ntchito yaikulu ndinagwira ndine, iwo ankangoloza. Giza tinaikweza kudenga. Chumuni cha pabalaza tinachitseka ndi thabwa, adona aikapo maluwa.

Ba Musonda anandiphunzitsa nzeru yaikulu pamene tinkaika makina kuchipinda kwa abwana. Akuti chipinda chikhale chomata ngati botolo. Kabowo kalikonse n'kakuba, kamaba kuzizira nthawi yotentha, kamaba kutentha nthawi yozizira. Njerwa zamabowo zija amaika pamwamba pa khoma tinazimata ndi simenti, kunsi kwa chitseko tinakhomako mphira. Mutalowamo, amayi, mungaiwale kuti kunja kuli dziko.

Donki inagwetsedwa. Adona anati amalume aigwetse okha, ikhale ntchito yawo yomaliza, poti ndiwo akudziwa pomwe njerwa zinagwirana. Anagwira hamala kuyambira mmawa. Ndinawauza kuti, "Menyani ndi mphamvu, amalume, ukwati watha!" Njerwa iliyonse ankaichotsa bwinobwino n'kuisanja pambali ngati adzaifunanso. Mgolo anaugula anthu a ku Kalingalinga, akuti akapangira mbaula.

Anawapatsa malipiro a mwezi, ndi mbaniro yachitsulo yomwe mzungu ankatembenuzira nkhuni. Chipinda chija tsopano n'changa, poti lamulo la adona n'lakuti wantchito mmodzi, chipinda chimodzi. Ndapakamo laimu ndipo ndapachika galasi.

Mukuti ndiwakweze basi abwere kwawo. Ndinawauza, anakana. Akuti sangafike pamudzi ndi dzina loti Kondemu, pakuti anthu a kwathu amene ali kuno analemba kale makalata. Akutinso giza imeneyi sichedwa kufa, ndipo ikafa abwana adzawaitana kuti amangenso donki. N'chifukwa chake akusunga njerwa. Mmawa uliwonse amandifunsa kuti, "Madzi atentha lero?" Ine ndimati, "Atentha moti adona apsa chala." Amagwedeza mutu n'kunena kuti tiona mawa.

Musati ndine woipa mtima. Ndawabisa m'kashedi ka nkhuni kumapeto kwa mpanda, kuseri kwa nthochi. Adona sadziwa. Abwana ndikuganiza kuti akudziwa, chifukwa akafika cha kumeneko amayang'ana kumwamba. Zotsala za kukhitchini ndimagawana nawo, ine ndi galu ndi iwo, palibe wodandaula.

Ndalama mwezi uno zavuta pang'ono. Injiniya sangayende popanda wotchi.

Mwana wanu,
Injiniya Hector


Kabulonga, Lusaka
13 Juni 1976

Okondedwa amayi,

Moni wa m'nyengo yozizira. Fundani bwino, ndipo ana a Eness asamasewere pafupi ndi moto. Ine ndili bwino. Kuno kukuzizira moti ukalankhula mawu amagwa pansi n'kusweka, koma ine sizikundikhudza. Ba Musonda anandipatsa kahita kena kolembedwa kondemu, ndinakatsegula, n'kulumikiza waya mmodzi, basi kakuyaka ngati dzuwa. Ndimagona chifuwa pamtunda.

Ndalama ya basi imene munatumiza mutagulitsa mbuzi inafika. Ndaisunga malo abwino. Nkhani ya ulendo tidzaiona mwezi ukatha, pakuti amalume akutsokomola ndipo msewu wa ku Chipata ndi wautali. Mwina ndinabwerekako pang'ono, koma ndibweza.

Amalume kuzizira kwawapeza. Paja munthu anazolowera kufunda khoma. Kabulangete kawo ukakayang'anitsa kudzuwa umawerenga nyenyezi. Anapempha kuti azigona pansi m'chipinda changa monga ndinkachitira ine kwa iwo, koma adona amalowamo nthawi iliyonse kudzaona ukhondo, ndipo kutsokomola kwawo kumamveka mpaka ku Avondale. Ndiye anaboola chitini n'kupanga kambaula. Amatola timakala togwa pamsika wa Chilenje, kuyatsira tizitsotso, n'kugona pafupi nako. Ndinawauza kuti, "Mwapezanso mkazi wina, wamng'ono!" Anati, "Moto ndimaudziwa ine. M'kashedimu mpweya umalowa ndi kutuluka, palibe choopsa."

Vuto ndi limenelo, mpweya wotulukawo. Lachitatu adona anaona kautsi kakutuluka m'njerwa zamabowo za kashedi. Anandiitana. "Hector, ni ndani ali kuja?" Ndinati ndikuwotcha masamba. Anandiyang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu n'kunena kuti, "Nikapeza mudala uja mu yadi yanga, muzayenda bonse babili." Amayi, mtima unagunda mpaka wotchi inaima.

Koma mwana wanu ali ndi mutu. Dzulo amalume atapita kuchipatala kukatenga mankhwala a chifuwa, ndinatenga simenti yotsala ija. Njerwa zonse zamabowo ndinamata. Mpata wa pakati pa khoma ndi malata ndinatsekamo masaka onyowetsa m'dothi. Kawindo ndinakhomapo pulasitiki, kunsi kwa chitseko mphira wa tayala. Ntchito yaukhondo, ngakhale nyerere ikafuna kulowa iyenera kugogoda. Utsi sudzaonekanso, ndipo kutentha sikudzathawa. Ndathetsa mavuto awiri ndi thumba limodzi la simenti. Panopa amalume ali ndi chipinda chofanana ndi cha abwana, kungosiyana kapeti.

Sindinawauze. Ndi maso awo aja saona kanthu pamwamba, ndipo ndikufuna adzadabwe okha kuti kufunda kwachokera kuti. Akadzandithokoza ndidzakulemberani mawu awo onse, kuti musiye kunditcha mwana wosayamika.

Eness, nsapato zija unapempha iwala, mapazi ako kuno saizi yake kulibe.

Wanu wanzeru,
Hector


Kabulonga, Lusaka
27 Juni 1976

Amayi,

Moni. Ndikhulupirira kuti telegalamu ya abwana inafika ndipo mwamva kale. Ine thupi lili bwino.

Mlongo wanu anatisiya mmawa wa Lolemba lotsatira kalata yanga ija. Ndinapita ndi tiyi, ndinagogoda, zii. Chitseko chinali cholimba pang'ono chifukwa cha mphira, ndinachita kukankha ndi phewa. Anali atagona chammbali, dzanja kutsaya, bulangete atalikankhira kumiyendo. Ndiye kuti anafundidwa, amayi. Sanafe ndi kuzizira, zimenezo ndikutsimikizireni. Nkhope yawo inali yosalala ngati ya mnyamata. Ine mutu unandizungulira pomwepo, ndinatuluka kukakhala pansi pa nthochi.

Adokotala anati ndi mpweya wa makala. Anthu ambiri kuno amapita choncho mwezi wa Juni, si iwo okha. Komanso chifuwa chija, ndi ukalamba. Zinthu zambiri zinakumana.

Adona anakalipa kwambiri chifukwa cha apolisi amene anaponda maluwa. Ndinawauza kuti amalume ankalowa okha podumpha mpanda ine osadziwa, ndipo abwana anati nkhani ithere pomwepo. Ntchito yanga ili bwinobwino, musade nkhawa.

Ba Musonda anabwera kudzapepesa. Analowa m'kashedi, anayang'ana pamwamba, anakanda simenti ndi chikhadabo. Anandifunsa kuti, "Iyi nchito ni ya ndani?" Ndinati kodi si yaukhondo? Anatenga chipewa chawo n'kumapita, ngakhale tiyi sanamwe. Anthu a ku migodi ndi amwano. Simentiyo ndinaigumula tsiku lomwelo, poti adona akufuna kusungiramo nkhuku ndipo nkhuku zimafuna mpweya.

Koma maliro, amayi, mukanaona! Abwana anapereka bokosi lopaka vanishi ndi lole ya kukampani. A tchalitchi cha ku Chilenje anadzaza lole mpaka matayala anaphwa. Tinakawaika kumanda a ku Chingwere. Kunyamula mtembo mpaka ku Mchinji sikukanatheka, mtengo wake ungagule mudzi wonse. Ine ndinavala suti yobwereka ndipo ndinalankhula m'malo mwa banja, amayi ena anakomoka ndi kukoma kwa mawu anga. Amayi a pamsika anabweretsa nkhata yamaluwa, koma poti dzina lenileni sankalidziwa analembapo lija lina. Ndinaitembenuza kuti lisaoneke. Ndalama ya basi ija inathandiza pa zakudya za anthu.

Giza ikugwira ntchito bwino, sinafepo ngakhale kamodzi. Njerwa zija amalume ankasunga ndazunguliza nazo maluwa, zakongola.

Tsono pali nkhani ina, ndipo musati ndafulumira. Ng'ombe ziwiri zija amalume anagula ndi ndalama za kuno, zomwe zili m'khola mwanu, mwambo mukuudziwa: za malume zimagwera mwana wa mlongo. Mwana wamwamuna wa mlongo wawo ndine ndekha. Alamu asazigwire, ndipo wina aliyense akabwera ndi nkhani mumuuze kuti mwini wake ali ku Lusaka. Ndikufuna kudzagulitsa imodzi ndigule zitsulo zanga, ndiyambe kuika magiza m'nyumba za anthu. Madonki adakalipo ambiri ku Woodlands ofunika choko.

Jekete lawo ndi mbaniro ndapatsira adalaivala, pamodzi ndi bulangete latsopano la inu, lochindikala.

Pepani, amayi. Limbani mtima monga ndalimbira ine.

Hector


Kabulonga, Lusaka
19 Seputembala 1976

Amayi,

Moni kwa inu nonse, ngati mukuulandira. Ine ndili bwino. Ndaonda pang'ono chabe chifukwa cha ntchito, anthu akundifuna mbali zonse.

Makalata awiri ndinalemba opanda yankho, ndipo lero kwafika kapepala ka Eness ka mizere inayi, kopanda ngakhale moni. Adalaivala andibwezeranso bulangete lija lili chimangire. Jekete ndi mbaniro mwalandira, koma bulangete ayi. Kodi linakulakwirani chiyani? Ndinaima pamzere tsiku lathunthu kuti ndilipeze.

Eness walemba kuti kalata yanga yoyamba ya Juni munamuuza kuti akuwerengereni kawiri, kenaka munatuluka panja. Ngati ndi nkhani ya simenti, amayi, funsani aliyense wodziwa za makina. Chipinda cha abwana tinachimata chimodzimodzi, ndipo abwana ali moyo, anenepa kumene. Ine ndinachita zomwe ndinaphunzitsidwa. Anthu kuno ayamba kulankhula zambiri, ba Musonda akabwera amatuma wa m'maluwa wa nyumba yoyandikana kuti awapatsire zitsulo, ine ndili pomwepo. Ndi nsanje. Masiku ano ndimagona chitseko chili pululu, koma n'chifukwa cha kutentha basi, Okutobala wayandikira.

Tsono za ng'ombe. Eness akuti zonse ziwiri munapha pa tsiku lometa, mudzi wonse unadya. Zonse ziwiri, amayi? Imodzi ndikanamva, amalume anali munthu wamkulu. Koma akuti munaumirira kuti zikhale ziwiri chifukwa mumameta maliro awiri. Ine ndikudziwa amodzi. Kalata yonse ndaitembenuza, dzina la munthu wachiwiriyo palibe.

Walembanso kuti anthu akakufunsani za ana, mukumayankha kuti muli naye mmodzi. Iwe Eness, masamu anakuvuta kuyambira kale, koma apa wanyanya. Werenga bwino: iwe, ine. Kapena ukalamba wayamba kuwasokoneza amayi, uwathandize kuwerenga.

Pa Khirisimasi adona andipatsa masiku opuma. Ndimafuna kubwera ndi wailesi yaikulu yoti ikalira ku Kamwendo azivina. Mundiuze ngati ndidzapeze pogona, chifukwa Eness pamzere womaliza wangolemba kuti kanyumba kanga munagwetsa n'kudzalapo maungu.

Ndipo mundiuze amene anamwalira winayo. Ngati ndi wa pabanja pathu, si bwino kuti ine ndikhale wosadziwa. Nditumiza kangachepe ka chipepeso.

Ndine mwana wanu,
Hector